Mmene Pepala la Kaboni Linandichedwetsera Satifiketi ya Folomu 4

Tamanda, Wongani, ndi inu ang'onoang'ono amene zilembo zikukuvutanibe (akuluwa akuwerengereni, ndipo asadumphe mizere),

Ndadziwa kuti pa tchuthi chapitachi munatsegula sutikesi yanga yachitsulo ya kunsi kwa bedi. Musakane. Fayilo yachitatu munaibwezera mozondoka, ndipo chingwe cha fayilo yachisanu munachimanga mfundo yomangira thumba la makala, imene ine sindinamangepo chibadwire. Munapeza satifiketi yanga ya Folomu 4, munawerengetsa zaka ndi zala, n'kuona kuti ndinailandira imvi zili mbuu. Agogo anu aakazi akuti munaseka mpaka Wongani anatsamwa. Akutinso munawafunsa chifukwa chake madoda ena pamsika wa Chintheche amandipatsa moni kuti "Ada Likasa" (Ada ndiye bambo m'Chitonga cha kuno), ndipo iwo anakufotokozerani uku akusenda chinangwa. Nkhani ya zaka ziwiri anaimaliza chinangwa chisanadzaze beseni. Kumeneko si kufotokoza. Khalani pansi muimve mwadongosolo lake.

Likasa, kwa inu amene mukufuna kuoneka ngati simudziwa, ndi mayankho obera amene mwana amalowa nawo m'chipinda cha mayeso atawabisa m'sokosi kapena m'chiuno. Ine sindinalowepo ndi likasa. Chimene ndinalowa nacho n'china, ndipo kuti muchimvetse tiyambire kutali.

Ndinafika kuno ndili mnyamata wochokera ku Ntcheu, m'thumba muli satifiketi ya Folomu 2. Masiku amenewo pepala limenelo linkatsegula chitseko cha ofesi ya boma, munthu n'kupatsidwa tebulo lakelake. Ulendo umene inu mumayenda tsiku limodzi mukudandaula kuti foni yatha moto, ine ndinauyenda masiku atatu. Tala kunalibe. Basi inkati ikafika pa mlatho wa matabwa, tonse tinkatsika n'kuwoloka wapansi, kenako n'kuima tsidya kuonerera ngati katundu wathu awoloke. Nditafika anandilandira ndi kondowole, nsima ya chinangwa ija mumaikankhira pambali mukabwera kuno, ine n'kuyamba kuitafuna ngati ya chimanga. Inamata mano onse. Mayi amene anaphika anaitana anzake kuti adzaone munthu wa kumtunda akulimbana ndi mbamu imodzi. Imeneyo ndiyo inali sukulu yanga yoyamba kuno: kondowole satafuna, amangomeza.

Ofesi sindiitchula dzina. Ena mwa mabwana aja adakali moyo ndipo maso awo akuonabe. Ndinapezamo kalaliki wamkulu, malemu a Chirwa, munthu wovala taye ngakhale mwezi wa Okutobala, pamene mchenga umawotcha mapazi kudzera m'nsapato. Makina otayipira analipo amodzi, ndipo ankawagwira iwo okha. Akaweruka ankawafunditsa nsalu ngati khanda. Ine ndinkalemba pamanja. Iwowa ndi amene anandiphunzitsa kaboni.

Inu kaboni simumudziwa. Ndi pepala lopyapyala, mbali imodzi lopakidwa utoto wabuluu. Umaliika pakati pa mapepala awiri, ndipo ukamalemba lapamwamba modinikiza, zonse zimatulukanso pa lapansi. Lapamwamba limapita kwa mwini kalata, lapansi limatsala m'fayilo, ndipo lotsalalo ndilo timati kope. A Chirwa ankati kalata yopanda kope sinalembedwe, mwini wake anangolota. Poyamba ndinkayesa zoyankhula za nkhalamba. Koma tsiku lina kunabwera bwana wa ku boma akukalipa kuti ofesi yathu sinatumize lipoti la mwezi wathunthu. A Chirwa anadzuka, anatsegula kabati, anayala kope patebulo, nabwerera pampando wawo. Bwanayo anawerenga, anatsokomola, nayamba kufunsa ngati usipa ukupezeka masiku ano. Kuyambira tsiku limenelo sindinalembenso kanthu popanda kaboni pansi. Inu lero mumangojambula ndi foni, foniyo n'kugwera m'madzi ku Kande, kenako mayi anu n'kumaimbira ine kufunsa khadi lanu la kusikelo.

Chizolowezichi chinatsala pang'ono kundimanitsa agogo anu. Pofunsira NyaManda ndinalemba kalata, pakuti Chitonga ndinali ndisanachidziwe. Ndinaika kaboni monga mwa masiku onse. Koma ndinasokoneza mapepala, ndipo mu envelopu ndinaikamo kope labuluu lija, kalata yeniyeni n'kuisunga m'fayilo. Alongo awo awiri anali atangofika kumene kuchokera ku Joni, anthu a masuti ndi Chingerezi cha m'mphuno, odziwa za m'maofesi. Anaitembenuza kalatayo uku ndi uku, nauza mlongo wawo kuti limeneli ndi kope chabe, afunse kaye kuti yapamwamba yapita kwa mtsikana wa mudzi uti. Ndinachita kuyenda wapansi mpaka ku Bandawe, fayilo ili m'khwapa, kukaonetsa kuti yapamwamba ili ndi ine. Anandipatsa mkazi, koma kuseka sanasiye.

Zaka zinapita. Ndinakhala kalaliki wamkulu pampando wa a Chirwa, ndinapatsidwa nyumba ya boma ya khonde lalitali, ndinasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo. Kenako, nditatsala zaka zochepa kuti ndipume, kunabwera chikalata chochokera kulikulu. Chili mu fayilo yachinayi, tsiku lake ndi chidindo chake zikuoneka bwinobwino. Chinkati aliyense wa udindo ngati wanga amene alibe satifiketi ya Folomu 4 aipeze pasanadutse nyengo ziwiri za mayeso, apo ayi asiye tebulo kwa amene ali nayo. Ndine amene ndinachilandira, ndinachidinda, n'kulembapo kuti chalandiridwa. Nditachiwerenga kachiwiri m'pamene ndinazindikira kuti mu ofesi monsemo chikunena munthu mmodzi yekha.

Mumvetse chimene chinali pachiswe. Ntchito ikatha, nyumba imatha nayo. Mayi ako iwe Tamanda anali Folomu 2, amalume anu awiri ali ku pulayimale. Ku Ntcheu munda wa amayi anga anali atagawana kale ana a alongo anga, monga mwa mwambo wathu, ine ndilibeko ngakhale poimika nkhokwe. Chotsala chinali kukapempha malo kwa alamu anga a ku Bandawe, anthu omwe aja, ndikakhale mkamwini wa imvi woviika chinangwa m'madzi. NyaManda anati palibe chovuta, kwawo malo alipo ambiri. Ananena akumwetulira, ndipo kumwetulirako ndi kumene kunandipititsa kukalembetsa sukulu m'mawa mwake.

Ankaitcha sukulu ya usiku, koma tinkalowa 2 koloko masana, eni ake sukuluyo akaweruka. Bwana anandilola kumachoka msanga. Desiki linali laling'ono, mawondo ankagunda thabwa. Anzanga a m'kalasi, atsikana obwerera kusukulu atabereka ndi anyamata otopa ndi kupalasa bwato, masiku oyamba ankaimirira ndikalowa, poyesa kuti ndabwera kudzayendera aphunzitsi. Masamu anandizunza, sindibisa. Ulimi ine ndinkaudziwa wa m'buku, NyaManda wa m'munda, ndipo sitinagwirizanepo ngakhale pa mzere umodzi. Chingerezi chokha sindinkachiopa. Ankati amene walephera Chingerezi walephera zonse, ine n'kumangowamvera chisoni anzangawo. Munthu amene walemba makalata a boma zaka makumi atatu aope Chingerezi cha ana? Mphunzitsi wake anayesapo kundiuza kuti chimangirizo cha mayeso si lipoti la ku ofesi, chili ndi malire a mawu. Ndinamuthokoza chifukwa cha maganizo akewo.

Mayeso anafika m'nyengo ya mwera, mphepo ija imagwetsa zovala pachingwe n'kutsekera asodzi kumtunda. Pakhomo la holo ana onse ankawasecha, m'matumba, m'sokosi, m'tsitsi momwe. Nditafika ine ndi jekete yanga yakuda ya ku tchalitchi, woyang'anira pakhomopo anangoweramitsa mutu n'kunena kuti ndidutse. Ndani angapapase mkulu wa mpingo? Akanandipapasa, nkhani yonseyi bwenzi kulibe, ndipo mfundo imeneyi ndinailemba m'madandaulo anga onse. M'thumba lam'kati la jeketeyo munali zimene zinkakhalamo masiku onse: kaboni mmodzi wopinda pakati ndi mapepala oyera angapo.

Sindinaganize n'komwe kuti ndikulakwa. Atatipatsa timabuku toyankhiramo, dzanja linapita lokha m'thumba, linayala kaboni ndi pepala kunsi kwa tsamba, ine n'kuyamba kulemba. Ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera, ndipo oyang'anira, chifukwa cha ulemu, sankaima pafupi nane. Tsiku la Ulimi zinayenda. Tsiku la Mbiri zinayenda. Makope ake ndinapita nawo kunyumba n'kuwaboola bwinobwino, ndipo ali mu fayilo ija munamanga molakwika.

Tsiku lachitatu linali la chimangirizo cha Chingerezi. Ndili pakati, ndinakweza tsamba kuti ndiwongole kaboni, ndipo mwera unalowa pa zenera lopanda galasi. Kaboni anauluka. Anadutsa pamwamba pa mitu ya ana mizere itatu, akutembenuzika pang'onopang'ono ngati akusankha potera, nakagwa pa nsapato za mkulu wa oyang'anira mayeso, mayi Nyirenda, mphunzitsi wachitsikana wochokera ku sukulu ina amene sankandidziwa. Ine ndinakweza dzanja n'kupempha mwaulemu kuti andibwezere katundu wanga.

Anabwera, anatsegula kabuku kanga, napeza pepala lodzaza ndi zilembo zabuluu. Anandiuza motsitsa mawu kuti ndiimirire. Tinatulukira pakhonde, ndipo anaitanitsa mphunzitsi wamkulu wa pasukulupo, a Mphande, mkulu wa mpingo mnzanga amene tinkakhala benchi imodzi Lamulungu lililonse.

Ndinafotokoza modekha. Ndinati ayerekeze mapepala awiriwo: mawu ndi amodzimodzi, ndipo onse athera pamalo amodzi, umboni woti alembedwa nthawi imodzi m'chipinda momwemo. Mayi Nyirenda anati chimene iwo akuona ndi pepala lolembedwa lomwe silinachokere kwa iwo, lofanana ndi yankho langa kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo kumene anaphunzira uyang'aniri chinthu chotero chili ndi dzina limodzi lokha. Komabe anali munthu wachifundo. Anayang'ana imvi zanga, anayang'ana a Mphande, kenako anayang'ana kunyanja ngati kuli china chofunika kumeneko. A Mphande anandikokera pambali.

"Ada Kamtedza, tonse tikukudziwani. Ting'ambe kapepalaka, mubwerere mukamalize. Palibe chachitika pano."

Apa pokha agogo anu aakazi amanena zoona, ndipo ndikuvomera. Khomo linali lotseguka. Munthu wanzeru akanangoti yewo, zikomo wa kuno, n'kulowa. Koma ine kung'amba kope ndinali ndisanakumvepo chiyambire ntchito. Ndiponso kung'amba kunkatanthauza kuti pali choyenera kubisika, pamene ine sindinabe kanthu. Ndinati sindingalole kuti dzina langa liyeretsedwe mobisa ngati la wakuba nkhuku. Nkhaniyi ilembedwe, ipite kwa eni mayeso, akaone okha kuti ndine wosalakwa. A Mphande anandiponda phazi. Ine ndinasuntha phazilo n'kuwonjezera kuti, pofuna kusonyeza kuti ichi n'chizolowezi chabe cha ntchito, ndachita chimodzimodzi pa Ulimi ndi pa Mbiri, ndipo makope ake ndikhoza kubwera nawo mawa.

Mayi Nyirenda anatseka maso kanthawi.

"Bambo, zimenezi ndikanakonda ndisanazimve. Tsopano ndiyenera kuzilemba."

"Lembani, mayi. Ndipo ine mundipatse kope."

Analibe kaboni. Ndinawabwereka wanga yemweyo, amene anali m'manja mwawo ngati umboni. Ana atatuluka m'holo, lipotilo linalembedwa patebulo la a Mphande, ine nditaima pambali kuthandiza kayalidwe ka ndime, chifukwa mayiyo, ngakhale anali wophunzira, sankadziwa poika mutu wa nkhani. Ndinganene mosadzitama kuti linatuluka lipoti lomveka bwino, lopanda pothawira. Ndinasayina, ndinalandira kope langa, n'kupita kunyumba mtima uli m'malo.

NyaManda ndinawapeza akuyanika usipa, pakuti masiku amenewo ankagula pagombe n'kumagulitsa pakhomo. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja osaima. Kenako anafunsa kuti wandigwira ndani. Nditati mayi Nyirenda, anapukusa mutu.

"Ayi, ada. Mwana wa eni uja anayesetsa kukutayani. Mwadzigwira nokha, n'kudziperekeza nokha."

Anandilola kulemba maphunziro otsalawo, koma zotsatira zitatuluka, pa mzere wa dzina langa panalibe nambala iliyonse. Kalata inatsatira yoti zonse za chaka chimenecho zafafanizidwa. Ndinalemba madandaulo asanu. Yankho linabwera limodzi, lalifupi, laulemu. Linati iwo sakutsutsa kuti ndine munthu wokhulupirika, koma lamulo limaletsa kulowa ndi pepala lililonse ndiponso kutuluka ndi yankho lililonse, ndipo malinga ndi lipoti limene ndinasayina ndekha, ndinalowa nalo katatu n'kutuluka nalo kawiri. Ndinawerengetsa, ndipo anali olondola. Chifundo chawo chinali choti sananditsekere chaka chotsatira.

Dzina lija la Ada Likasa linabadwa sabata yomwe kaboni anaulukayo. Linayambira pagombe, linafika pamsika, ndipo mlamu wanga wamkulu anabwera nalo yekha kunyumba, atavala suti, kudzandipepesa. Anati ndisadandaule, malo andidulira kale kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo munthu wodziwa kudinikiza cholembera khasu silingamuvute. Ku seshoni, bwalo la akulu a mpingo, anandiitananso. Vuto linali loti mlembi wa bwalolo ndinali ine ndemwe, ndiye ndinkayankha mafunso uku ndikulemba. Anagamula kuti si tchimo ayi, koma ndi chinthu chofanana nalo kwambiri, ndipo ndipume kaye kuwerenga zolengeza kwa miyezi itatu. Zili m'buku la seshoni, m'zilembo zanga.

Kunatsala mayeso amodzi. Bwana anandikumbutsa, akuyang'ana kudenga, kuti chikalata chija sichinasinthe. Munthu wina wa satifiketi yake anali atayamba kale kubwera kudzaphunzira makabati anga, ndipo ankatsegula madirowa ngati akutsegula khola.

NyaManda anaitenga nkhaniyi m'manja. Iwo sukulu analekezera Sitandade 8, koma anati matenda anga si a m'mutu, ndi a m'dzanja. Anasonkhanitsa kaboni yense wa m'nyumba, ngakhale amene ndinabisa m'buku la nyimbo, n'kukamusungitsa kwa mng'ono wawo ku Kande. Wa ku ofesi anati azitsala ku ofesi, ndipo pobwera ankandisecha pakhomo. Kenako anatsegula sukulu yawo. Loweruka lililonse ankandikhazika pakhonde ndi pepala limodzi, n'kuloza mthunzi wa mtengo wa mango kuti ukamafika pa mwala wa pamsewu ndikhale nditamaliza chimangirizo. Ndikamaliza ankatenga pepalalo, osaliwerenga n'komwe, n'kukulungira usipa wa munthu woyamba kubwera kudzagula, ine ndikuona. Loweruka loyamba ndinamutsatira mayi wogulayo mpaka pa tala kuti andibwezere. Anandipatsa lili ndi mafuta, iye n'kunyamula usipa wake m'chitenje akuyang'ana m'mbuyo. Ngati fayilo yachisanu ndi chimodzi inakununkhirani, chifukwa chake n'chimenecho.

Mvula inabwera n'kupita. Nkhungu, tizilombo tija timadzuka panyanja ngati utsi, zinagwa pamudzi, amayi nathamanga nazo ndi madengu, ine ndili pakhonde kulembera anthu a usipa. Zimangirizo zanga zinalowa m'makhitchini onse kuyambira Chintheche mpaka Makuzi. Inu mumadandaula kuti aphunzitsi amachedwa kukubwezerani makope anu. Anga ankapita pamoto. Koma ndinazindikira chinthu chimodzi: popanda kuwongola kaboni pa tsamba lililonse, ndinkamaliza mthunzi usanafike pamwala. Izi agogo anu sindinawauze, ndipo amene akuwerenga mokweza atsitse mawu pamenepa.

Mwera utabweranso, NyaManda anasoka thumba lam'kati la jekete ndi ulusi wofiira kuti aone ngati ndamasula. Tsiku la Chingerezi anandiperekeza mpaka pachipata, ndipo pamaso pa ana onse ndi wapolisi yemwe anandipapasa iwo eni, m'matumba, m'sokosi, mpaka anandivula chipewa n'kusuzumiramo. Woyang'anira wa chaka chimenecho, amene anali atamva mbiri yanga, anawauza kuti zakwana. Iwo anamuyankha kuti iye wandimvera chabe, iwo akhala nane. Iwe Tamanda, chaka chamawa ukulemba. Akamakusecha pakhomo usakwinye nkhope. Uthokoze.

Nditatsegula pepala la mafunso ndinamwetulira. Funso lina linkati tilembe kalata kwa akuluakulu a boma yodandaula za mlatho woonongeka m'dera lathu. Kalata yodandaula, kupatsa ine. Ndinayang'ana ana aja akuluma zolembera ndipo ndinawamveranso chisoni. Ndinalemba kalata imene sindinalembepo ina yoiposa. Inali ndi mutu wodulidwa mzere kunsi, ndime zake zinali ndi manambala, inakumbutsa za makalata am'mbuyo amene sanayankhidwe, ndipo kumapeto ndinaika mndandanda wa maofesi ena oyenera kudziwitsidwa. Malire a mawu ndinawaona, koma mlatho si nkhani youmira mawu, anthu amagwerapo. Dzanja linkadinikizabe ngati pansi pali kaboni, moti tsamba linabooka pawiri. Atati nthawi yatha, ine ndinagwira kabukuko mbali ina, woyang'anira mbali ina. Sitinakokane, ngakhale pamsika amanena zina. Ndinangochedwa kusiya.

Ndinayenda mothamanga ndikubwereza mawu ake pakamwa kuti ndikawalembenso kunyumba. Koma msewu wathu mukuudziwa. Munthu sudutsa popanda moni, ndipo moni wa kuno umafunsa za kunyumba, za ana, za nyanja, ndi za mwendo unkapweteka chaka chatha. Nditayankha anthu asanu ndi awiri, ndinafika pakhomo nditatsala ndi keyala ndi mutu wa kalata basi.

Miyezi yodikira inali yaitali. NyaManda anayamba kulongedza mbale zosagwira ntchito m'makatoni, poyera, kuti maso anga azolowere. Mlamu anatumiza uthenga woti udzu wofolera umamwetedwa mvula isanayambe, ndipo chikwakwa angandibwereke. Ine ku ofesi ndinkapukuta tebulo kawiri pa tsiku.

Zotsatira zitafika pasukulu sindinapite m'mawa ndi gulu la ana. Ndinadikira masana. A Mphande anandilowetsa mu ofesi, natseka chitseko, nayendetsa chala pa mndandanda pang'onopang'ono, ndikuganiza mwadala. Kawerengedwe kake mukukadziwa: 1 ndiye pamwamba, 9 ndiye kugwa. Maphunziro enawo ndinadutsa, Masamu mokwawa. Chichewa ndinapeza 3, ngakhale mlamu anadzati imeneyo siwerengedwa chifukwa ndinabadwa nayo. Chala chinaima pa Chingerezi.

"Eyiti, ada. Mwakhoza."

Ndinafunsa ngati sanatsetserekere pa mzere wa munthu wina. Anati ndi wanga. Ndinati 8 ndi nambala yomaliza munthu asanagwe, ndipo kalata ya mlatho ija siingakhale ya 8. Penapake palakwika, payenera kulembedwa dandaulo kuti mayankho anga onse awaonenso kuyambira poyamba. A Mphande sanandiponde phazi ulendo uno. Anadzuka, anatsegula chitseko, naitana NyaManda, amene anali atakhala pansi pa mtengo panja ine osadziwa. Iwo analowa, anatenga kapepala ka zotsatira m'manja mwa a Mphande, anakapinda kanayi ine ndikubuula, n'kukamanga kunsonga kwa chitenje. Anati mawa tikwera limodzi minibasi ya ku Nkhata Bay kukakapereka, ndipo mpaka kadindidwe kuti kalandiridwa, ine ndisagwire cholembera ngakhale chosayinira.

Tinapita. Njira yonse ndinakhala pambali pawo maso ali pa mfundo ya chitenjecho. Ku boma kalaliki wa kumeneko anakawongola ndi chikhatho, anawerenga, nafunsa ngati ndili ndi chonena. Ndinali nacho. NyaManda anayankha kuti ndilibe. Kanadindidwa.

Tebulo linakhala langa. M'nyumba ya khonde lalitali tinakhalamo mpaka tsiku langa lopuma, ndipo ino tikukhalayi tinaimanga mosathamanga. Mayi ako anamaliza sukulu akuchokera m'menemo, amalume anunso chimodzimodzi. Malo a kuseri kwa khola mlamu anadzalapo nthochi. Satifiketi yeniyeni inabwera patapita nthawi, ndipo palibe bwana amene anapemphanso kuiona.

Nditaona kuti zonse zakhazikika, ndinalemba mwakachetechete kwa eni mayeso. Sindinapemphe kuti asinthe nambala. Pamenepo ndinali nditaphunzirako pang'ono. Ndinangopempha kalata yanga ya mlatho, kapena aijambule anditumizire. Anayankha kuti mayankho a ophunzira sabwezedwa, ndipo a chaka chimenecho anaonongedwa kale monga mwa lamulo.

Ndi mmene zilili, adzukulu anga. Mayankho a Ulimi ndi Mbiri amene anandigwetsa ndili nawo onse, osasowa tsamba. Kalata imodzi imene inasunga denga pamutu pa makolo anu ndiyo ndilibe, ndipo sindingakuwerengereni ngakhale ndime imodzi. Ine ndikukuuzani kuti inali ya 2, mwina 1. Agogo anu aakazi akuti inali ya 8, ndipo pepala lokhalo limene ndili nalo pa nkhaniyi lili kumbali yawo.